Tikiti ya M'chigawo China Imakutsatira Mpaka Kwanu: Mmene Malaisensi Amaimitsidwira ku America

Ku America kulibe laisensi yoyendetsera galimoto ya dziko lonse. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50, kuphatikizapo District of Columbia komwe kuli likulu la dzikolo, chimapereka laisensi yakeyake, chili ndi malamulo akeake a pamsewu, makhoti ake, ndiponso ofesi yake yoona za madalaivala. Ofesiyi anthu amangoitchula kuti DMV, ngakhale kuti ku Indiana ndi ku Ohio dzina lake ndi BMV, ku Georgia ndi DDS, ku New Jersey ndi MVC. Munthu wochokera ku Malawi, komwe laisensi imodzi ya ku Road Traffic imagwira ntchito kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, akamva zimenezi amafulumira kuganiza kuti poti chigawo chilichonse chili pachokha, ndiye kuti tikiti imene wapolisi wamulembera ku Georgia ndi nkhani ya ku Georgia, akangodutsa malire yatsala komweko. Si Amalawi okha amene amaganiza choncho. Ngakhale obadwira komweko ambiri agwa m'mbuna yomweyi.

Chofunika kumvetsa poyamba n'chakuti nthawi zambiri chimene chimaimitsitsa laisensi si liwiro limene munthu anathamanga ayi. Ndi kukhala chete kwake pambuyo pake: tikiti imene sanaiyankhe, tsiku la kukhoti limene sanapiteko, kalata imene inapita kunyumba yakale. Mlandu wa madola ochepa umakula chifukwa cha pepala limene silinafike kapena silinawerengedwe.

Tiyerekeze ndi munthu wokhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe kuli Amalawi ochuluka ndithu. Akupita kuukwati ku Atlanta. Wadutsa Kentucky, wadutsa Tennessee, walowa mu Georgia pamsewu waukulu wa I-75, thupi latopa, mtima uli pakufika. Pamalo pomwe malire a liwiro ndi mamailosi 70 pa ola, iye akuyenda 86. Magetsi a buluu aja awala kumbuyo. Wapolisi wabwera pawindo, watenga laisensi, wabwerera m'galimoto yake, kenako wabweretsa kapepala kosindikizidwa kokhala ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi tsiku. Mkulu uja wasaina, wapitiriza ulendo. Atabwerera kwawo walowa pa intaneti, walipira chindapusa cha khotilo, mtima wakhala pansi.

Koma Georgia ili ndi lamulo lina lotchedwa Super Speeder, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2010. Aliyense wopezeka wolakwa pothamanga mamailosi 85 pa ola kapena kuposa pamsewu uliwonse, omwe ndi makilomita pafupifupi 137, kapena mamailosi 75 pamsewu wa mizere iwiri, amalipira madola 200 ena pamwamba pa chindapusa cha khoti. Ndalamayi silipiridwa kukhoti, ndipo sinalembedwe ngati mbali ya chindapusa chija. Imabwera payokha m'kalata yochokera ku DDS, kupita pa adiresi imene ili pa laisensi, ndipo munthu amapatsidwa masiku 120 kuti alipire. Ngati mnzathu uja anasamuka nyumba osasintha adiresi, kalatayo igwera m'manja mwa eni nyumba atsopano, kapena ibwerera kumene yachokera. Masiku 120 akatha, Georgia imaimitsa ufulu wake woyendetsa galimoto m'chigawomo, n'kuwonjezera madola 50 a kubwezeretsa, ndipo dzina lake limalowa m'kaundula amene zigawo zonse zimaona. Iye sakudziwa kanthu. Adzadziwa tsiku limene adzaimirire pamzere ku BMV kuti akonzetsenso laisensi yake itatha, mayi wa pakauntala n'kuyang'ana pakompyuta, n'kumuuza kuti sangathandizidwe mpaka athane kaye ndi Georgia.

Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Chigawo chimene chakulembera tikiti sichingafafanize laisensi imene chinapereka ndi chigawo china, chifukwa si yake. Chimene chingachite ndi kukuletsa kuyendetsa galimoto m'malire ake, kenako n'kukuneneza kwanu. Chigawo cha kwanu ndi chimene chili ndi mphamvu pa laisensi yeniyeniyo, ndipo chikaiimitsa sungayendetse kulikonse m'dzikomo. Choncho tikiti imodzi ikhoza kubala zilango ziwiri m'maofesi awiri osiyana, chilichonse ndi ndalama yake yotsegulira.

Nkhani imayenda bwanji kuchoka chigawo china kufika kwanu? Njira zake zikuluzikulu ndi zitatu, ndipo iliyonse inabwera pa chifukwa chake.

Yoyamba ndi pangano lotchedwa Driver License Compact, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yakuti dalaivala mmodzi akhale ndi laisensi imodzi ndi mbiri imodzi. Chigawo chimene chapeza mlendo wolakwa chimatumiza uthenga kwawo, ndipo kwawoko amaona mlanduwo ngati kuti wachitikira pamsewu wawo. Izi n'zokhwima kwambiri pa milandu ikuluikulu: kuyendetsa utaledzera, kupha munthu ndi galimoto, kuthawa pamalo a ngozi pomwe wina wavulala kapena wamwalira. Panganoli lisanakhalepo, chidakwa cholandidwa laisensi m'chigawo chimodzi chinkangosamukira chigawo choyandikana n'kukatenga ina yatsopano. Zigawo zambiri zili m'panganoli, koma zina monga Georgia, Massachusetts, Michigan ndi Wisconsin sizinalowemo. Wina asanamizidwe ndi zimenezi: kusakhala m'pangano sikutanthauza kuti sizitumiza kapena kulandira mauthenga. Zimatero kudzera m'malamulo awo ndi m'makompyuta amene maofesi onsewa amagawana.

Yachiwiri ndi imene imakhudza anthu wamba ambiri. Dzina lake ndi Non-Resident Violator Compact, ya mu 1977. Kale wapolisi akagwira dalaivala wa chigawo china sankangomusiya apite, poopa kuti sadzabweranso. Ankamutengera kupolisi kapena kwa woweruza kuti asiye ndalama ya belo nthawi yomweyo, ndipo wopanda ndalama ankatha kugona m'chitokosi chifukwa cha liwiro chabe. Panganoli linathetsa zimenezo, ndipo pamenepa tiyenera kuvomereza kuti linachita bwino. Mlendo tsopano amapatsidwa tikiti ngati nzika ya komweko n'kupitiriza ulendo. Koma pali mtengo wake. Chigawo cha kwawo chimalonjeza kuti ngati munthuyo sadzayankha tikitiyo, chidzaimitsa laisensi yake mpaka atabweretsa umboni woti wathana nayo. Kuimitsa kumeneku kulibe tsiku lothera. Si chilango cha masiku 30 kapena 90 chimene ungangodikira kuti chidutse. Zaka zisanu, zaka khumi, laisensi imakhala yomangidwabe mpaka khoti la kutali lija litanena kuti basi. Panganoli silikhudza matikiti oimika galimoto pamalo olakwika, ndipo limanena kuti chigawo chodandaula chisatumize uthengawo pakadutsa miyezi 6 kuchokera tsiku limene tikiti inalembedwa. Zigawo monga Alaska, California, Michigan, Montana, Oregon ndi Wisconsin sizili m'panganoli.

Yachitatu ndi imene imatseka mipata yonse yotsala. Boma lalikulu la ku Washington, kudzera m'bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA, limasunga kaundula wotchedwa National Driver Register. Mmenemo muli maina a madalaivala amene malaisensi awo anaimitsidwa, kulandidwa kapena kukanidwa, ndi amene anapezeka ndi milandu ikuluikulu ya pamsewu. Kaundulayu sasunga tsatanetsatane wa mlandu. Amangoloza kuti munthu uyu ali ndi nkhani m'chigawo chakuti. Ofesi iliyonse ya malaisensi imayenera kuyang'anamo isanapereke laisensi yatsopano kapena kukonzanso yakale, kaya chigawocho chili m'mapangano aja kaya ayi. N'chifukwa chake tikiti ya zaka 12 zapitazo imatulukira mwadzidzidzi munthu akasamukira kwina. Ndipo wogwira ntchito pakauntala uja, ngakhale atakumvera chisoni chotani, alibe mphamvu yochotsa dzina lako. Chigawo chimene chinalilowetsa n'chokhacho chimene chingalichotse.

Za mapointi, amene amawonjezeka pa mbiri ya dalaivala mpaka kufika mlingo woimitsa laisensi, chigawo chilichonse chili ndi kachitidwe kake. New Jersey imalemba mapointi 2 pa mlandu wa pamsewu wochitikira kunja. New York silemba mapointi pa milandu ya m'zigawo zina za America, koma imalemba pa ya ku Ontario ndi Quebec m'dziko la Canada, chifukwa cha mapangano apadera. Zigawo zina zimalemba mapointi ofanana ndi amene zikanalemba mlanduwo ukanachitikira kwawo. Koma makampani a inshulansi sasamala kwenikweni za mapointiwo. Iwo amayang'ana mbiri yonse, ndipo mlandu ukaonekera amakweza mtengo kwa zaka zingapo.

Tsopano tibwere ku ndalama, pomwe pagona ululu weniweni.

Anthu amati "ndalipira tikiti" ngati kuti ndi ndalama imodzi. Zoona zake ndi mulu wa ndalama zosiyanasiyana zopita m'matumba osiyanasiyana. Pali chindapusa cha mlandu. Pali ndalama za khoti, zimene kawirikawiri zimaposa chindapusa chenichenicho. Ukachedwa pamabwera ya kuchedwa. Ku North Carolina, kulephera kuonekera kukhoti pa tsiku lako kumawonjezera madola 200, ndipo pakatha masiku 20 khoti limadziwitsa DMV, imene imatumiza chenjezo loti pakatha masiku 60 ufulu woyendetsa uchotsedwa. Ku Florida umapatsidwa masiku 30 oti uyankhe tikiti, ndipo ngongole ikakhala masiku 90 osalipidwa imaperekedwa kwa makampani otolera ngongole, amene lamulo limawalola kuwonjezera mpaka 40 peresenti. Zonsezi usanafike pa ndalama yobwezeretsera laisensi.

Ndalama yobwezeretsera imeneyi si chilango cha mlandu. Mlandu unaulipira kale kukhoti. Iyi ndi imene ofesi ya malaisensi imafuna kuti ichotse chizindikiro choimitsa pa dzina lako. Ku Florida ndi madola 60 ngati unaimitsidwa chifukwa chosalipira kapena kusayankha tikiti. Ku New Jersey ndi madola 100. Ku New York ndi madola 70 pa tikiti iliyonse yosayankhidwa, kotero ngati wapolisi analemba matikiti atatu pa tsiku limodzi, la liwiro, la lamba ndi la nyali yothima, ndiye kuti ndi madola 210 ongotsegulira chitseko. Pa milandu ya mowa, m'zigawo zambiri ndalamayi imafika mahandiredi angapo. Ndipo poti tanena kuti zilango zikhoza kukhala ziwiri, munthu amatha kulipira yobwezeretsera ku chigawo chimene analakwira, n'kudzalipiranso ina kwawo, pa tikiti imodzi yomweyo.

New York ili ndi msampha wina wofanana ndi wa ku Georgia. Dalaivala akapeza mapointi 6 m'miyezi 18 pa milandu ya m'chigawocho, amalipira madola 100 pachaka kwa zaka zitatu, ndi madola 25 pachaka pa pointi iliyonse yoposa 6. Pa mlandu wa mowa ndi madola 250 pachaka. Lamuloli limagwiranso alendo. Bilu yake imabwera payokha kuchokera ku DMV, pambuyo poti khoti lalandira kale zake, ndipo osalipira amaimitsidwa.

Pamwamba pa zonsezi pali chikalata chotchedwa SR-22, chimene zigawo zambiri zimafuna kwa munthu amene anaimitsidwa pa milandu monga ya mowa kapena kuyenda wopanda inshulansi. Ndi umboni umene kampani ya inshulansi imatumiza ku DMV wotsimikiza kuti munthuyo ali ndi inshulansi, ndipo kawirikawiri chimafunika kwa zaka zitatu. Kulembetsa chikalatacho n'kotchipa, koma kampani ikangodziwa kuti ukuchifuna imakuika m'gulu la madalaivala oopsa, mtengo n'kukwera. Ukangodumphitsa mwezi umodzi osalipira, kampani imadziwitsa DMV, laisensi n'kuimitsidwanso. Paja mvula ikakuona litsiro sikata.

Choopsa kwambiri n'chakuti munthu akhoza kuyendetsa miyezi yambiri osadziwa kuti laisensi yake inaimitsidwa. Kakhadi kali m'chikwama, chithunzi chili bwinobwino, tsiku lothera lisanafike. Koma wapolisi sakhulupirira kakhadi, amakhulupirira kompyuta ya m'galimoto mwake. M'zigawo zambiri lamulo limati ofesi ikatumiza kalata pa adiresi yomaliza imene unalembetsa, ndiye kuti wadziwitsidwa, kaya unailandira kaya ayi. Ndipo kusintha adiresi ndi udindo wako: ku New York ndi ku California uyenera kutero m'masiku 10, ku Texas m'masiku 30. Kudziwitsa a positi kuti wasamuka sikulowa m'malo mwa kudziwitsa DMV. Amene amavutika kwambiri ndi izi ndi ophunzira, alendi ndi obwera kumene m'dzikomo, anthu amene chaka chino akukhala kwa achibale, chaka chamawa ali m'kachipinda kawo, kenako ntchito yawasamutsira tauni ina.

Kugwidwa ukuyendetsa laisensi ili yoimitsidwa si tikiti wamba. M'zigawo zambiri ndi mlandu wa upandu, ngakhale wa gulu laling'ono. Ukhoza kuvekedwa unyolo pamsewu pomwepo, galimoto n'kukokedwa kupita kumalo osungira komwe tsiku lililonse limalipiritsidwa, ndipo nthawi ya kuimitsidwa imawonjezeredwa. Mayi wosamalira okalamba m'nyumba zawo, amene ntchito yake yonse imadalira kuyenda pagalimoto kuchoka pakhomo lina kupita lina, akagwidwa chonchi wataya ntchito sabata yomweyo. Woyendetsa Uber kapena Lyft amatsekeredwa akaunti kampani ikaunikanso mbiri yake.

Pali chinanso chimene anthu sachiganizira akamafulumira kulipira pa intaneti kuti nkhani ithe. Kulipira tikiti ndi kuvomera mlandu. Pa tikiti yaing'ono zimenezi sizivuta kwenikweni. Koma pali milandu imene pa pepala imaoneka ngati tikiti ya liwiro, chonsecho ndi yolemera. Ku Virginia, kupitirira malire ndi mamailosi 20 pa ola, kapena kuthamanga kuposa 85 paliponse, ndi mlandu woyendetsa mosasamala. Chilango chake chikhoza kufika miyezi 12 m'ndende, madola 2,500 ndi kuimitsidwa mpaka miyezi 6. Mlandu wotere sungaumalize ndi khadi la kubanki, umafuna kuonekera pamaso pa woweruza kapena kutuma loya. Alendo ambiri odutsa pamisewu ikuluikulu ya I-95 ndi I-81 amaika kapepalako m'kabati ya galimoto poganiza kuti adzalipira akafika, tsiku la khoti n'kudutsa, mlandu n'kuzengedwa iwo kulibe, mwinanso chikalata chowamanga n'kutuluka.

Nanga amene wagwa kale atani? Apa chofunika kwambiri ndi ndondomeko ya zoyambirira ndi zotsatira, chifukwa ambiri amataya ndalama ndi masiku poyambira kumapeto. Amathamangira ku DMV ya kwawo, kumene sangathandizidwe. Choyamba ndi kugula mbiri yako ya udalaivala kuofesi ya kwanu, imene imaonetsa chigawo chimene chakumanga, nthawi zina ndi khoti lake ndi nambala ya mlandu. Kenako imbira kalaliki wa khoti lenilenilo, osati likulu la chigawo, popeza tikiti imakhala m'manja mwa khoti la tauni kapena dera limene unagwidwira. Mufunse ngati mlanduwo ungathe ndi kulipira, kapena ukufunika kuonekera, ndiponso ngati pali chikalata chokumanga. Funso lomalizali n'lofunika usanakwere galimoto kupita komweko. Makhoti ambiri amalola loya wa m'deralo kukuimira iwe osabwera, ena amamva milandu pa vidiyo, ndipo loya wodziwa khotilo amatha kupempha kuti mlandu utsitsidwe ukhale wosalowa pa mbiri ya kayendetsedwe. Malipiro a loya amapweteka, koma uwayerekeze ndi ulendo wa masiku awiri, malo ogona, masiku ojomba kuntchito ndi inshulansi ya zaka zitatu.

Khoti likalandira zake, usangokhutira ndi mawu akuti zatheka. Pempha lisiti ndi chikalata chosonyeza kuti mlandu watsekedwa, chokhala ndi chidindo cha khoti ngati n'kotheka. Funsanso ofesi ya malaisensi ya chigawo chomwecho ngati ili ndi ndalama yakeyake yoti ilipidwe isanachotse dzina lako m'kaundula, chifukwa khoti ndi DMV ndi nyumba ziwiri, ndipo ina simalipiritsira inzake. Ukatero m'pamene upite kwanu ndi mapepala aja, ulipire yobwezeretsera ya kwanu ngati ilipo. Usakhale pachiwongolero mpaka utaona ndi maso ako, pa mbiri yatsopano, kuti laisensi ili bwino. Makompyuta a zigawo ziwiri amatha kutenga masiku angapo asanagwirizane. Mapepalawo uwasunge zaka, chifukwa zimachitika kuti mlandu wotsekedwa umadzatulukanso pa kusamuka kwina.

Ngati ndalama palibe, nena pamaso pa khoti, usathawe. Makhoti ambiri ali ndi njira yolipira pang'onopang'ono, ena amatsitsa chindapusa potengera zimene munthu amapeza, ena amalola kugwira ntchito yothandiza anthu m'malo mwa ndalama. Ku New York, kuyambira mu 2021, munthu akhoza kulipira 2 peresenti ya malipiro ake a pamwezi kapena madola 25, chimene chachuluka pa ziwirizi. Mabungwe opereka maloya aulere alipo pafupifupi m'chigawo chilichonse, ndipo ena amakonza masiku apadera othandiza anthu kubwezeretsa malaisensi.

Oyendetsa mathiraki, amene ali ndi laisensi ya CDL, nkhani yawo ndi yothina kuposa apa. Lamulo la boma lalikulu limaletsa makhoti kubisa milandu yawo ya pamsewu, ngakhale ichitike ali pagalimoto yawo yapakhomo. Ayenera kudziwitsa bwana wawo m'masiku 30 akapezeka olakwa, m'chigawo chilichonse. Milandu iwiri ikuluikulu pathiraki m'zaka zitatu, monga kupitirira malire ndi mamailosi 15 pa ola, imawachotsa pamsewu masiku 60, ndipo itatu masiku 120. Kwa amene si nzika, tikiti wamba ya liwiro siononga mapepala okhalira m'dzikomo, koma kumangidwa n'kwina. Kumangidwa pa mlandu wa mowa kukhoza kuchititsa kuti viza ifafanizidwe, ndipo mafomu ofunsira unzika amafunsa ngati munthu anamangidwapo kapena kupatsidwa chisamani. Wotere asavomere mlandu uliwonse wa upandu asanalankhule ndi loya wodziwa za olowa m'dziko.

Funso loti kodi zonsezi n'zachilungamo lakhala likukambidwa kwambiri ku America zaka zaposachedwa. Palibe amene akutsutsa kuti woyendetsa ataledzera achotsedwe pamsewu, ndipo ndi bwino kuti asathe kubisala podutsa malire. Chovuta ndi kugwiritsa ntchito laisensi ngati chikole cha ngongole. Khoti Lalikulu la dzikolo linanena mu 1971, pa mlandu wa Bell v. Burson, kuti laisensi ikaperekedwa imakhala chinthu chimene munthu amadalira pa moyo wake, ndipo singalandidwe popanda kutsata ndondomeko yoyenera. Mu 1983, pa mlandu wa Bearden v. Georgia, linati munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa chongosowa ndalama yolipira chindapusa. Komabe lipoti la bungwe la Legal Aid Justice Center la mu 2017 linapeza kuti zigawo 43 ndi District of Columbia zinkaimitsa malaisensi chifukwa cha ngongole za kukhoti. Gulu la mabungwe lotchedwa Free to Drive, limene linayamba mu 2019, linkanena za anthu pafupifupi 11 miliyoni okhudzidwa. Kafukufuku wina wa ku New Jersey anapeza kuti 42 peresenti ya anthu oimitsidwa anataya ntchito.

Ine ndimaona kuti pamenepa nzeru palibe. M'matauni ambiri a ku America mulibe mabasi odalirika, ndipo wopanda galimoto ndi wopanda ntchito. Boma likufuna munthu alipire, koma likumulanda chimene amapezera ndalamazo. Wolemera amalipira tikiti ya madola 200 ali pa foni akumwa khofi, osamvanso za nkhaniyo. Wosauka pa mlandu womwewo amafika pa madola 1,000, unyolo ndi mbiri ya upandu. Komanso apolisi ndi oweruza amathera nthawi pa anthu amene vuto lawo ndi thumba, osati kayendetsedwe.

Zinthu zasinthako. California inasiya kuimitsa malaisensi chifukwa chosalipira mu 2017. Virginia, kumene anthu pafupifupi miliyoni anali oimitsidwa pa chifukwa chimenechi, inasiya mu 2019 n'kukhazikitsa lamulo lokhalitsa mu 2020, pambuyo pa mlandu umene Damian Stinnie ndi anzake anasumira boma. Texas inathetsa pa 1 September 2019 ndondomeko yake ya ndalama zowonjezera za chaka ndi chaka. New York nayo inasiya kuimitsa malaisensi chifukwa chosalipira mu 2021.

Koma kusinthaku kwamulambalala kwambiri dalaivala wa m'chigawo china. Malamulo atsopano ambiri achotsa chilango cha kusalipira, n'kusiya cha kusayankha kapena kusaonekera kukhoti. New York yomweyo imaimitsabe munthu amene sanayankhe tikiti. Ndipo ndani amalephera kuonekera kuposa wokhala makilomita 1,000 kutali, amene khoti lake limakhala Lachiwiri m'mawa, bwana wake sapereka tchuthi, ndipo kalata inapita kunyumba imene anachokamo? Kafukufuku wa mumzinda wa New York, wofalitsidwa mu 2020 m'magazini ya Science, anaonetsa kuti kungolemba fomu ya chisamani momveka bwino ndi kutumizira anthu uthenga wa pafoni wowakumbutsa tsiku kunachepetsa kwambiri chiwerengero cha ojomba kukhoti. Mauthenga a pafoniwo okha anachepetsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ambiri sathawa, amaiwala kapena samvetsa pepala limene apatsidwa. Chigawo chimene chimatha kupeza dzina la munthu m'kaundula patatha zaka 12 chingathenso kulemba nambala yake ya foni pa tikiti, kumukumbutsa kusanachedwe, kumulola kuyankha mlandu pa vidiyo, ndi kulemba pa tikiti pomwepo kuti kukubwera bilu yachiwiri ya madola 200 kuchokera ku ofesi ina.